Ma log a AWS WAF odziyatsa okha: mmene zayendera kuno ku Nchalo patatha miyezi

Chilimwe chathachi ndinalemba kakodi ka Terraform (chida chokonzera zinthu za pa maseva polemba kodi) koti web ACL iliyonse imene ndapanga iziyamba yokha kulemba ma log, popanda ine kulowa mu console, tsamba loyendetsera AWS, n'kumadina apa ndi apo. AWS WAF ndi mlonda wa mawebusaiti wa kampani ya Amazon, web ACL ndi mndandanda wa malamulo omwe mlondayo amatsata, ndipo ma log ndi mbiri ya zonse zofika pakhomo pake. Dzinja ladutsa, Shire wakwera n'kutsika, thonje lagulitsidwa, ndiye tsopano ndingathe kunena zomwe chinthuchi chandichitira komanso pomwe chimandilemera.

Ntchito yanga ndi yosamalira mawebusaiti angapo a magulu a alimi ndi kabungwe kena kothandiza anthu nthawi ya madzi osefukira, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje. Si zinthu zikuluzikulu ayi. Ndi mafomu olembetsera mamembala, malo otumizira zithunzi za malisiti, ndi tsamba loonera yemwe walandira mbewu ndi yemwe sanalandire. Kutsogolo kwa zonsezi kuli CloudFront, chida cha AWS chofikitsira masamba kwa anthu, ndipo WAF ndiye imaima pakhomo kusankha ma request (mapempho omwe foni kapena kompyuta imatumiza ku webusaiti) olowa ndi obwezedwa.

Ambiri sadziwa kuti ukapanga web ACL, ma log sayamba okha. WAF imabweza anthu, koma sisunga mbiri yonse pokhapokha utaiuza. Chomwe umapeza mu console ndi zitsanzo zochepa za ma request a maola 3 apitawa basi. Ili ngati mlonda wa pageti yemwe alibe buku: akhoza kugwira ntchito bwino usiku wonse, koma ukamufunsa mawa kuti munabweza ndani ndipo chifukwa chiyani, angokuyang'ana. Kwa munthu wa ku Blantyre amene dandaulo limamupeza nthawi yomweyo, maola atatuwo mwina ndi okwanira. Kuno ayi. Mlembi wa gulu la ku East Bank, cha ku Muona kapena ku Makhanga, fomu ikamukanira Lachiwiri masana, amadzandiuza Lachitatu kapena Lachinayi, foni ikatchajidwa ndipo netiweki ikabwera. Pofika nthawi imeneyo zitsanzo zija zinafufutika kalekale. Ichi ndicho chinandichititsa kuti nkhani ya ma log ndisaisiyenso m'manja mwa kukumbukira kwanga.

Kapangidwe kake si kovuta. Mu module, chigawo cha kodi chomwe chimapanga web ACL, ndinaikamo aws_wafv2_web_acl_logging_configuration, moti palibe njira yopangira chimodzi n'kusiya chinzake. AWS imalola kutumiza ma log kumalo atatu: CloudWatch Logs, bucket ya S3 (mosungira mafayilo), kapena Firehose, koma web ACL imodzi imatumiza kumalo amodzi okha. Dzina la malowo liyenera kuyamba ndi aws-waf-logs-, apo ayi zikana, choncho dzinali ndinalisokerera mu kodi kuti wina aliyense asaliphonye. Chinthu china chosokoneza oyamba kumene n'chakuti web ACL ya CloudFront imapangidwira ku us-east-1, ku Virginia, ngakhale maseva ako ali ku Cape Town, ku af-south-1 yomwe inatsegulidwa mu 2020. Ndiye Terraform yako imafunika ma provider awiri, olumikizira ku Virginia ndi ku Cape Town, ndipo log group ya CloudWatch ya web ACL imeneyo iyeneranso kukhala ku Virginia komweko.

Pamwamba pa izi ndinaonjezera ka Lambda, kapulogalamu kothamanga kokha usiku uliwonse. Kamawerenga ma web ACL onse mu akaunti, n'kufunsa iliyonse ngati ili ndi ma log. Ikapezeka yopanda, kamaiyatsira n'kunditumizira uthenga. Chenjezo limodzi kwa ofuna kutengera: PutLoggingConfiguration, yomwe imayatsa ma log, imafufuta zonse zomwe zinalipo n'kuikapo zatsopano. Ka Lambda kotere kazikhudza web ACL zopanda ma log zokha, chifukwa kakamangolemba paliponse kadzachotsa ma filter omwe mnzako anaika ndi manja. Kwa amene safuna kulemba kodi, AWS Config ili ndi lamulo lopangidwa kale lotchedwa wafv2-logging-enabled lomwe limakudziwitsa ikapezeka yosayatsidwa. M'miyezi yonseyi ka Lambda kanga kanagwirapo web ACL yomwe mnyamata wondithandiza anapanga mofulumira pofuna kuyesa tsamba latsopano. Pamenepo ndinaona kuti sindinataye nthawi pachabe.

Tsopano zomwe ma log anandionetsa, chifukwa apa ndi pomwe pali nkhani.

Ndinkayembekezera kuona akuba a pa intaneti, ndipo alipodi. Tsiku lililonse kumabwera ma bot, mapulogalamu oyenda okha, ofufuza /wp-login.php ndi /.env pa mawebusaiti omwe alibe n'komwe WordPress. Amenewo WAF imawabweza ndipo sindiwaganiziranso. Chomwe chinandidzidzimutsa n'chakuti ma request obwezedwa omwe anali ndi vuto lenileni kwa ife anali a anthu athu omwe, ndipo mu log munalembedwa poyera kuti country ndi MW.

Tsiku lina mayi wina, mlembi wa gulu la alimi a thonje cha ku Ngabu, anandiimbira.

"Achimwene, fomu yanu ija ikundikana. Ndikalemba mayina ikulola bwinobwino, koma ndikangoika chithunzi cha lisiti ikubwera ndi 403."

"Zayamba liti, mayi?"

"Dzana. Ndimayesa ndi bandulo, ndiye ndinagula ina, koma ndi chimodzimodzi."

Ndinatsegula Athena, chida cha AWS chofufuzira mu ma log a mu S3, n'kufufuza ma BLOCK (ma request obwezedwa) a dzanalo pa adiresi ya fomuyo. Anali pompo, ndandanda, ndipo lamulo lomwe linawabweza linali SizeRestrictions_BODY la mu AWSManagedRulesCommonRuleSet. Lamuloli limabweza request iliyonse yomwe body yake, zomwe yanyamula, yaposa 8 KB. Linapangidwa choncho dala, ndipo pa masamba ambiri ndi labwino, koma chithunzi cha pa foni, ngakhale ya mtengo wotsika, chimaposa pamenepo kutalitali. Ndinalisintha kuti lizingowerenga osabweza (Count), kenako n'kulemba lamulo langa logwiritsa ntchito label, chizindikiro chomwe lamulo lija limaika pa request, kubweza ma request akuluakulu paliponse kupatula pa adiresi yotumizira zithunzi. Dzuwa lisanalowe mayi aja anatumiza malisiti onse. Ndalama ya bandulo yachiwiri ija ndiyo sinabwerere, ndipo kwa mlembi wongodzipereka si ndalama yochepa.

Nkhani yachiwiri ndi ya lamulo lochepetsa kuchuluka kwa ma request, rate-based rule. Mwachizolowezi limawerenga ma request ochokera pa IP (nambala yokuzindikiritsa pa intaneti) imodzi m'mphindi 5, akapyola malire limatseka. M'mabuku zimamveka bwino. Koma kuno pafupifupi aliyense amalowa pa intaneti ndi foni, ndipo makampani a mafoni amatulutsira anthu ambirimbiri pa IP imodzi. Tsiku lolembetsa anthu ku kampu ya ku Bangula, ongodzipereka atakhala pansi pa mtengo aliyense ndi foni yake, WAF inawaona onse ngati munthu mmodzi wolusa amene akufuna kugwetsa seva. Mu log munaoneka clientIp imodzi, koma ma User-Agent (mayina omwe foni imadzitchulira) a mafoni osiyanasiyana, Tecno, itel, Samsung, onse akupita pa fomu imodzi. Popanda ma log aliyense akanati ndi netiweki, poti kuno chilichonse chikakanika timanamizira netiweki. Ndinakweza malire pa masamba a olowa ndi pasiwedi, n'kusiya malire othina pa tsamba lolowera lokha.

Kanthu kakang'ono koma kotayitsa nthawi: timestamp ya mu log ndi nambala yaitali ya ma millisecond, ndipo mafoda a mu S3 amatsata nthawi ya UTC. Ife tili patsogolo ndi maola 2. Munthu akati zinakanika 10 koloko m'mawa, uzifufuza pa 8. Ndinapanga view mu Athena yosinthiratu nthawi kuti mnyamata wanga asamawerengere pamutu.

Za ndalama. WAF payokha mitengo yake ndi yodziwika: $5 pamwezi pa web ACL, $1 pa lamulo lililonse, ndi $0.60 pa ma request 1 miliyoni. Ma log ndi omwe amakwera mwakachetechete, chifukwa request iliyonse imalembedwa ndi ma header ake onse, ngakhale ya kachithunzi ka logo. Ndinayamba ndi CloudWatch Logs poti kufufuzamo n'kosavuta, koma log group ikapanda kuuzidwa imasunga zinthu mpaka kalekale. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse pa bilu imafunsidwa ndi msungichuma, ndipo kupeza madola olipirira pa khadi ndi nkhani inanso. Choncho ndinasamukira ku S3, komwe ma log amafika mphindi 5 zilizonse ali opanikizidwa ndi gzip, n'kuika lifecycle yofufuta akale. Apa ndi pomwe ndinayamikira kuti zonse zili mu kodi: ndinasintha malo amodzi mu module, mawebusaiti onse n'kutsatira.

Athena imalipiritsa $5 pa terabyte iliyonse yomwe yawerenga. Kwa ife ndi tindalama tochepa, bola tebulo likhale logawidwa potsata masiku. Partition projection ya mu Athena imachita zimenezi yokha, ndipo ndikulangiza kuti muiike tsiku loyamba lomwe.

Pa ma filter maganizo anga asintha pang'ono m'miyeziyi. WAF imalola kuti usunge ma BLOCK ndi ma COUNT okha n'kutaya ma ALLOW, omwe ndi ma request ololedwa kulowa, ndipo anthu ambiri amachita choncho pofuna kuchepetsa bilu. Pa tsamba la nkhani ndi zilengezo ndimachita zomwezo. Koma pa mafomu okhala ndi mayina a anthu ndimasunga zonse. Tsiku lomwe wakuba adzadutse pakhomo osagwidwa, request yake idzalembedwa kuti ALLOW, ndipo amene anataya ma ALLOW sadzakhala ndi poyambira. Kusunga ma BLOCK okha kumakuonetsa zomwe WAF inachita bwino n'kukubisira zomwe inaphonya.

Kusunga zonse kuli ndi udindo wake. Ma log amalemba adiresi yonse pamodzi ndi query string (mawu otsatira chizindikiro cha ? mu adiresi), komanso ma cookie ndi Authorization header, zomwe zimazindikiritsa munthu amene walowa. Tsamba lathu lina lofufuzira membala linkaika nambala ya chiphaso cha unzika mu adiresi momwemo, kutanthauza kuti manambala a anthu akanadzaza mu bucket. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, lomwe MACRA ikuyang'anira, koma ngakhale likanapanda kukhalapo, agogo a ku Tengani amene anapereka chiphaso chawo kuti alandire ufa sanavomere kuti nambala yawo izikhala mu fayilo ku maseva akunja. Mu module ndinaika redacted_fields yobisa query string, cookie ndi authorization pa web ACL iliyonse, ndipo wofuna kuzionetsa ayenera kuchita kulemba dala. Mtengo wake ndi wakuti kufufuza kuukira kwa SQL injection (kulowetsa malamulo achinyengo mu database) kobwera kudzera mu query string kumavutirapo. Ndinavomera zimenezo.

Ena anandifunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito Firewall Manager, yomwe imatha kuyatsa ma log pa maakaunti onse nthawi imodzi. Ndi chida chabwino kwa banki kapena kampani yokhala ndi maakaunti ambiri. Koma imafuna AWS Organizations ndi AWS Config, ndipo policy imodzi ndi $100 pamwezi pa region iliyonse. Kwa magulu a alimi ndalama imeneyo ikuposa bilu yathu yonse.

Chovuta chomwe sichili m'mabuku ndi magetsi. Chichokereni namondwe Ana mu Januwale 2022, yemwe anaononga damu la Kapichira kuno ku Chikwawa konkuno, tonse tinaphunzira kusadalira soketi. Kutentha kwa mu Okutobala nako kumazimitsa laputopu yokha. Terraform ikadukira pakati pa ntchito (apply) imasiya loko pa state, fayilo yosunga zomwe yapanga, ndiye umayamba ndi kuchotsa lokoyo ndi force-unlock uku mtima uli m'mwamba. Tsopano zonse zimathamangira pa GitHub Actions, maseva akutali oyendetsa kodi. Ine ndimangotumiza kodi, ngakhale netiweki ili yofooka, ndipo zotsalazo zimachitikira kutali komwe magetsi sathima.

Pomwe chinthuchi sichinandithandize mpomwe sichingathandize aliyense: kuwerenga. Ma log amadzaza okha, koma sadziwerenga okha. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ntchito ya madzi osefukira itachuluka, bucket inkangokula popanda woitsegula. Ndinakonza query imodzi yothamanga Lolemba lililonse, yonditumizira malamulo omwe abweza kwambiri ma request ochokera m'Malawi ndi ku Mozambique, poti mamembala ena a kumalire, cha ku Marka, mafoni awo amagwira netiweki ya tsidya lina. Uthengawo ndi waufupi, umawerengeka uli pa kabaza. N'chifukwa chomwechonso sindinayatse lamulo lotseka mayiko onse kupatula Malawi, ngakhale wapampando wa gulu lina anandipempha kangapo.

Ndipitiriza nazo, ndipo module yomweyi ndaigwiritsa kale ntchito pa tsamba latsopano la gulu la alimi a nzimbe. Chomwe chatsala mvula isanayambe ndi kusintha rate-based rule ija kuti iziwerenga potsata cookie ya munthu amene walowa m'malo mwa IP, chinthu chomwe WAF inayamba kulola mu 2023. Ndiliyendetsa kaye pa Count mpaka kalembera wa mbewu atatha, ndione mu ma log kuti likanabweza ndani, kenako ndidzaliyatse.