Sunscreen ya SPF 50 ya tinted, ndadzola miyezi 7 tsopano, nayi ndemanga yanga

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha kuchepa kwa kabotolo komanso zomwe yandichitira pa makolala a mabulauzi anga oyera, ndifotokoza kutsogoloku. Ndine mzimayi wa zaka 49, khungu langa ndi lakuda koma osati bii, ndi lija loti ukangofinya kachiphuphu kamodzi chipsera chake chimakhala pompo miyezi itatu, ndipo kufikira chaka chatha sindinagulepo sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) chibadwire. Ndinkangoti izi ndi za azungu aja amafiira psuu akakhala padzuwa, ife Mulungu anatipatsa kale yathu.

Zinthu zinayamba kusintha ndili ndi zaka 46, msambo utayamba kudumphadumpha. Kutentha thupi usiku ndinkakuyembekezera chifukwa anzanga anali atandiuza kale, koma za nkhope panalibe anandichenjeza. Khungu linangoyamba kuuma, loshoni yomwe ndadzola zaka zonsezi inasiya kugwira, ukadzola m'mawa pofika 11 koloko watuwa kale, kenako pamasaya panatuluka zigamba zoderako, poyamba zazing'ono ngati dothi losasamba bwino, kenako zinakula nkulumikizana, china chinabwera pamwamba pa mlomo moti pa zithunzi ndimaoneka ngati ndikumera ndevu. Tsaya lakumanja ndi lomwe linada kwambiri kuposa linzake ndipo sindinkamvetsa chifukwa chake.

Ndiulule zomwe ndinachita, mwina wina apulumuka. Mnzanga wina anandipatsa kamafuta kena m'kabotolo kopanda chizindikiro, akuti kamachotsa zigamba sabata ziwiri. Zoonadi sabata zitatu zoyamba nkhope inayera, ndinkangodziyang'ana pagalasi nkumamwetulira ndekha. Nditasiya, abale inu, zigamba zinabwerera zakuda kuposa kale, tiziphuphu tating'ono mbwee pachipumi, khungu kumanyereza ndikangotuluka panja. Ndi mafuta ojudula basi, anangowasintha dzina. Dokotala wa khungu yemwe ndinakaonana naye pambuyo pake ananunkhiza kabotoloko nkupukusa mutu, anati mafuta otere nthawi zambiri amakhala ndi steroid wamphamvu ngati clobetasol, kapena hydroquinone, ena mpaka mercury, ndipo hydroquinone ukaidzola nthawi yaitali popanda dokotala imatha kudetsa khungu mtundu wina wotuwirako umene amautcha ochronosis, wovuta kwambiri kuchotsa.

Zigamba zangazo anati ndi melasma. Kenako anandifunsa, "Mayi, masana mumakhala pati?" Ine ndinati mu ofesi tsiku lonse, dzuwa sindilawa nkomwe. Anafunsanso kuti desiki yanga ili pati, ndipo apa ndi pomwe ndinakhala chete, chifukwa ili pafupi ndi windo lalikulu, kudzanja langa lamanja, zaka 8 tsopano. Anandiuza kuti dzuwa lili ndi cheza chosaoneka chotchedwa UV, cha mitundu ya UVA ndi UVB, ndipo galasi wamba limatchinga UVB, ija imawotcha khungu, koma UVA yambiri imadutsa bwinobwino, ndipo UVA ndi imene imalowa mkati nkumakalambitsa khungu ndi kudetsa zigamba. Anawonjezera kuti kwa ife akhungu lakuda ngakhale kuwala kwa dzuwa kumene timaona ndi masoku kumadetsa melasma, nde sunscreen yoyera kapena yosaoneka ija siikwanira payokha, pamafunika yokhala ndi iron oxides, timene timaipatsa mtundu ngati foundation. Ndichifukwa chake ndinakasaka ya tinted.

Ndisanaipeze iyi ndinataya ndalama pa ziwiri. Yoyamba inali ya zinc oxide yopanda mtundu, ndinangoti ndadzola kutuluka kuchipinda mwana wanga wamkazi anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti "Amayi, mwagwera m'phulusa kodi?" Nkhope mbuu, khosi lakuda, olo ndiitikite bwanji. Yachiwiri inali yopepuka bwino, yosaoneka, koma thukuta likangoyamba imatsikira m'maso nkumawawa ngati sopo, ndinkagwira ntchito misozi ili chuchuchu anthu nkumandifunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Iyi nde ya nambala 3. Ndi kabotolo ka 50ml kokhala ndi pampu, SPF 50 (nambala yosonyeza mphamvu yake yotchinga dzuwa), pali mawu oti broad spectrum kutanthauza kuti imateteza ku UVA ndi UVB zonse, mkati muli zinc oxide, iron oxides ndi niacinamide, ilibe perefyumu, ndipo analemba kuti imapirira madzi kwa mphindi 40. Ndinatenga mtundu wakuda kwambiri mwa itatu yomwe ilipo. Ikamatuluka imaoneka yolimba ngati ikhala yolemera pankhope koma ukaipaka imafalikira mosavuta, mphindi 5 zoyamba umawala pang'ono kenako imakhazikika. Situwitsa. Ichi chokha ndinatsala pang'ono kuvina nacho. M'maso simuwawa olo nditadzola pazikope, ndipo fungo lake ndi lochepa kwambiri, kafungo kadothi pang'ono komwe kamatha msanga. Masiku ambiri ndasiya foundation, ndimangoika iyi ndi kapaudala pamphuno basi.

Tsopano nkhani yomwe ndalembera ndemangayi. Kabotolo koyamba kanandikhalitsa miyezi itatu ndi theka, ine nkumanyadira kuti eeh kamafuta aka nkosatha. Koma zigamba sizinasinthe, mwinanso zinkaderabe pang'onopang'ono, ndipo ndinali nditakonzeka kale kulemba kuti musagule ndi zabodza. Nditabwerera kwa dokotala ndinanyamula kabotoloko kuti ndikadandaule, iye anangoti, "Tandionetsani mmene mumadzolera." Ndinafinya kadontho ngati kanjere, mmene timachitira ndi zodzoladzola zodula, nkupakapaka nkhope yonse. Anaseka. Anati nambala ija ya SPF amaipeza poyeza ndi mamiligalamu 2 pa sikweya sentimita iliyonse ya khungu, ndipo ukadzola kochepa kuposa pamenepo chitetezo chimatsika kwambiri, 50 ija sumaipezanso. Muyezo wosavuta ndi mizere iwiri, kuyambira patsinde mpaka kunsonga kwa chala cholozera ndi chala chapakati, imeneyo ndi ya nkhope, khosi ndi makutu uwonjezerenso. Ine ndinkadzola mwina gawo limodzi mwa magawo anayi a zimenezo, kamodzi patsiku, 6 koloko m'mawa, nkumayembekezera kuti indisunga mpaka madzulo.

Chiyambireni kudzola mokwanira, ndi kubwerezanso masana, kabotolo kamodzi sikafika mwezi. Werengani nokha, 50ml, patsiku pafupifupi 2ml kapena kuposa. Apa ndi pomwe pandiwawa, chifukwa opangawo akudziwa bwino muyezo woyenera koma amaika m'kabotolo kangati ka perefyumu, ndipo palibe botolo lalikulu. Thumba limamva ndithu. Komanso mizere iwiri ya tinted ukaipaka nthawi imodzi imachuluka, umaoneka ngati wapaka matope, nde ndinaphunzira kuigawa pawiri, mzere umodzi kaye, ndikatsuke mano, kenako wachiwiri pamwamba.

Zotsatira zake patatha miyezi itatu ndi theka ndikudzola moyenera: zigamba sizinathe, ndinene zoona, ndipo amene akufuna mafuta oyeretsa asagule iyi adzakhumudwa. Koma zinasiya kuda, m'mbali mwake mwayamba kuzimiririka, ya pamwamba pa mlomo ija yachepa moti pa selfie siioneka pokhapokha ndiyandikitse foni. Ndimajambula nkhope tsiku loyamba la mwezi uliwonse pamalo amodzimodzi, kuwala kofanana, chifukwa pagalasi tsiku ndi tsiku sungaone kusintha, ndipo chithunzi cha mwezi wachinayi ndi cha mwezi uno zikusiyana ndithu. Sindinganene kuti zonse ndi sunscreen yokha chifukwa usiku ndimadzola retinol, mankhwala odzola okonza khungu, yomwe dokotala anandilembera, kawiri kapena katatu pasabata, koma iye anandiuza poyera kuti retinol popanda sunscreen ndi kutunga madzi ndi dengu, usiku ukonza masana dzuwa likugumula, komanso retinol imapangitsa khungu kumva dzuwa msanga. Oyembekezera asaigwire retinol, ndangodutsapo poti ena a zaka za m'ma 40 amaberekabe.

Za kuuma kwa khungu, iyi payokha siikwanira. Pa msinkhu wathuwu estrogen, homoni ya amayi ija, ikamatsika khungu limasiya kusunga madzi ndi mafuta ngati kale, ndipo collagen, chija chimalimbitsa khungu, imatha kuchepa pafupifupi 30% m'zaka 5 zoyamba utasiya kusamba, nde musadabwe kuti masaya ayamba kugwa ndi timakwinya tikuwonjezeka mwadzidzidzi. Ine ndimayamba ndi moisturizer, mafuta ofewetsa khungu, ndidikire mphindi 10, kenako sunscreen. Ndikathamanga osadikira imapanga timinyololo tating'ono ngati litsiro lija limatuluka ukamadzikhula posamba, ndipo ukayamba kutero palibe kuchitira mwina koma kusukusula nkuyambiranso, zinandichedwetsapo kuntchito kangapo. Tsiku lomwe khungu lauma kwambiri imakhalanso m'mizere ya m'mbali mwa kamwa ndi pansi pa maso, imaonetsa makwinya omwe unkafuna kubisa.

Makolala aja. Iron oxides ndi utoto basi, nde chilichonse choyera chokhudza khosi chimada, kolala, mpango, chophimba pilo ukagona masana, ngakhale sikirini ya foni imachita noninoni ukamaliza kuyankhula. Bambo a kunyumba anasiya kundikumbatira atavala shati yoyera, akuti kuntchito awafunsa mafunso. Zimachoka ukapaka sopo pomwepo usanachape, koma bulauzi imodzi ya silika inapita. Panopa pakhosi ndi pamanja ndimadzola ina yopanda mtundu, iyi ndimasungira nkhope yokha, zathandizanso kuti kabotolo kazikhalitsako. Madzulo kuichotsa ndi madzi okha sizitheka, ndimayamba ndi mafuta otsukira nkhope kenako sopo wofewa, apo ayi m'mawa thaulo limakuuza.

Thukuta nalo, makamaka kutentha kuja kumangobwera mwadzidzidzi uli pakati pa msonkhano. Imapirira ndithu, siyenderera, bola usapukute mokhula, ndimangogunditsa tishu pang'onopang'ono. Koma mphindi 40 zija ndi mphindi 40, ukasambira kapena kutuluka thukuta kwambiri udzolenso, ndipo ukakhala panja ndi maola awiri aliwonse. Kubwereza pamwamba pa paudala ndi ntchito, ndimagwiritsa kasiponji, sizikongola ngati m'mawa koma zimatheka.

Mchemwali wanga anandifunsa kuti bwanji osangogula SPF 100 nkudzola kamodzi. Sizigwira choncho. SPF 15 imatchinga pafupifupi 93% ya UVB, 30 imatchinga 97%, 50 ndi 98%, kusiyana kwake pamwambapa nkochepa, ndipo zonse zimachoka ndi thukuta ndi kugwiragwira nkhope mofanana. Anatinso khungu lakuda lili ndi chitetezo kale, zimene ndi zoona pang'ono, akuti chimafanana ndi SPF 13 kapena chapompo, nchifukwa chake sitipsa msanga, koma sichiletsa zigamba, umboni ndi tsaya langali. Tsiku la mitambo ndinkadumpha, ndinasiya nditamva kuti UV yambiri, mpaka 80%, imadutsa mitambo yopyapyala. Panopa ndimangoyang'ana UV index pa foni, nambala yosonyeza ukali wa dzuwa, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati ikafika 3 kupita m'mwamba udziteteze, ndipo ine kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 4 ndikamatuluka ndimawonjezera chipewa chachikulu ndi magalasi, ana amati ndimaoneka ngati ndikubisala angongole, zawo zimenezo.

Kena kakang'ono, musaisiye m'galimoto. Kabotolo kanga kachiwiri ndinakaiwala mmenemo masiku atatu kukutentha, nditafinya kanatulutsa madzi payekha ndi zolimba payekha, ndinangotaya kali ndi theka, mtima unandiwawa. Pansi pa botolo pali kachithunzi ka kachitini kotsegula kolembedwa 12M, ndiye kuti miyezi 12 chitsegulireni, ngakhale ukamadzola mokwanira sungafike nkomwe kumeneko. Pampu nayo ikatsala pang'ono kutha imangopuma mpweya pomwe mkati mudakali za masiku anayi kapena asanu, ine ndimatsegula chivindikiro nkukokota ndi kathonje kotokosera m'makutu kaja, manyazi ndilibe.

Amene ali ndi khungu lakuda kwambiri kuposa langa ayese kaye padzanja kapena pansagwada asanagule, chifukwa mtundu womaliza uja ndi umene ukundikwana ine ndendende, mchemwali wanga yemwe ndi wakuda bii atayesa inamutuwitsa pang'ono pachipumi. Mitundu itatu yokha ya anthu onsewa ndi yochepa, awonjezereko. Ine ndili pa kabotolo ka nambala 6, desiki ndinaisuntha kuchoka pawindo paja, ndipo akangotulutsa ya 100ml ndibwera kudzawonjezera nyenyezi yatsalayo.