eSIM ya Airalo: yothandiza pofika, yodula ukakhalitsa

Aliyense amene amagwira ntchito pa laputopu kwinaku akuyenda m'mayiko a eni amadziwa kuti intaneti imasowa kwambiri pa tsiku lofika m'dziko latsopano, pomwenso ndi tsiku limene imafunika zedi. Airalo, kampani imene inayamba m'chaka cha 2019, imagulitsa ma eSIM pofuna kuthetsa vutoli, ndipo ndaigwiritsa ntchito mokwanira moti nditha kusiyanitsa pamene imathandiza ndi pamene imangodya ndalama.

eSIM ndi simu yopanda khadi logwirika. Munthu amagula bandulo pa pulogalamu ya Airalo n'kuiika m'foni asananyamuke, popeza kuikako kumafuna intaneti. Pali mabandulo a dziko limodzi, a chigawo chonse monga Ulaya, ndi ena ogwira m'makontinenti angapo, ndipo kampaniyi imati imafika m'mayiko ndi madera oposa 200. Pa mabandulo ambiri, masiku amayamba kuwerengedwa foni ikangolumikizana ndi netiweki ya kumene mwafikako.

Ubwino wake umaoneka ndege ikangotera. Anzanu akadali pamzere, mapasipoti ali m'manja, kudikira kulembetsa simu pabwalo la ndege pomwe mitengo imakonda kukwera, inu mumakhala mutatsegula kale mapu, mwapeza basi yolowera m'tauni, ndiponso mwauza mwini nyumba nthawi imene mufike. Chimene ndimachiyamikira koposa n'chakuti simu yanu yakale imakhalabe m'foni, motero manambala achinsinsi amene banki imatumiza pa SMS amapitiriza kufika. Amene anayesapo kulipira malo ogona ali kunja, nambalayo osabwera, amvetsa kukula kwa nkhaniyi.

Koma munthu wokhala miyezi iwiri kapena itatu pamalo amodzi, amene ndalama zake n'zowerengeka, ayenera kuwerengera bwino. M'mayiko ambiri gigabayiti imodzi ya eSIM yapaulendo imadula kuposa ya simu ya kampani ya m'dzikomo, ndipo ntchito imadya data mosiyana ndi kucheza pa WhatsApp. Msonkhano wa pa Zoom wa ola limodzi, kamera ili yoyaka, ungathe kumaliza pafupifupi gigabayiti yathunthu, choncho bandulo imene imaoneka yokwanira mwezi imatha sabata isanathe ngati Wi-Fi ya kumalo ogona ili yofooka. Ngakhale ku Ulaya, kumene bandulo ya chigawo imaoneka yokopa, kuyambira mu June 2017 simu yogulidwa m'dziko limodzi la European Union imagwiranso ntchito m'mayiko ena a mgwirizanowu popanda kulipira zoonjezera, malinga ngati munthu sapyola malire amene kampani yake inaika.

Palinso nkhani ya njira imene data imadutsa. Ma eSIM ambiri apaulendo amabwereka netiweki ya kumaloko, koma uthenga umakazungulira kaye kudziko lina usanafike kumene ukupita. Powerenga imelo simungazindikire kalikonse, koma pokambirana ndi bwana kapena kasitomala pa vidiyo, mawu amatha kuchedwa pang'ono mpaka anthu kumalankhula nthawi imodzi. Komanso mabandulo ambiri a Airalo ndi a data yokha, alibe nambala ya foni, pamene kukhala nthawi yaitali m'dziko kumafuna nambala ya komweko, kaya polankhula ndi mwini nyumba, kaya polembetsa zinthu zina za tsiku ndi tsiku.

Si foni iliyonse imene imalandira eSIM. Ma iPhone anayamba kuilandira ndi XS ndi XR mu 2018, mafoni ambiri otchipa a Android alibe, ndipo foni yotsekeredwa ku kampani imodzi imakana. Ndi bwino kufufuza zimenezi musanalipire.

Langizo langa kwa woyenda ndi ndalama zochepa n'lakuti agule bandulo yaing'ono yongokwanira sabata yoyamba, azimitse zonse zimene foni ndi laputopu zimatsitsa kapena kutumiza zokha, kenako akakhazikika akagule simu ya m'dzikomo pasitolo ya m'tauni. Bandulo ya chigawo imapindulitsa okhawo amene amaoloka malire pafupipafupi. Ndipo eSIM ikalowa m'foni musaifufute data isanathe, chifukwa ambiri mwa ma eSIM amenewa amaikidwa kamodzi kokha.