Pampu yokamira mkaka patatha miyezi 8: ndikadayamba ndi kolimani

Pampuyi ndi ya pamanja, ndipo ndinakagula ku Dedza nditadutsa malire pa Calómuè, kutatsala sabata ziwiri kuti masiku anga 90 a tchuthi cha uchembere athe. Ndimagwira ntchito mu ofesi ku Ulóngwè, mwana amatsala ndi apongozi. Pano ali ndi miyezi 11 ndipo akuyamwabe.

Miyezi itatu yoyamba pampuyi inandithandizadi. Mawere ankadzaza mpaka kuwawa, ndiye ndikangofinya chogwiriracho mkaka unkatuluka wokwana kapu. Lamulo la ntchito kuno ku Mozambique limapatsa mayi woyamwitsa ola limodzi patsiku mpaka chaka, ndipo ine ndinkaligawa pawiri, mphindi 30 m'mawa, 30 masana. Malo okha ndiye ankasowa. Ndinkakamira m'kachipinda kosungira mapepala, nditafunda chitenje, chitseko nditachitchinga ndi mpando.

Mwezi wachinayi kampira kam'kati kanang'ambika, pampu n'kusiya kukoka. Ndinazungulira msika wonse osakapeza. Anamwino a kusikelo ndiwo anandiphunzitsa kukama ndi manja: chala chachikulu pamwamba pa malo akuda ozungulira nsonga ya bere, cholozera pansi pake, kukankhira kuchifuwa kenako kufinya, osakoka nsonga. Sabata yoyamba ndinkangotaya nthawi. Pano ndimatha msanga kuposa kale, ndipo kulibenso zowiritsa tizipangizo usiku uliwonse. Kampira kena anandibweretsera mlamu wanga, koma pampu ili m'kabati.

Chimene sichinandikhumudwitsepo ndi kolimani, kabokosi kakang'ono kosungira zinthu mozizira. Mkaka wokama umakhala bwino pafupifupi maola 4 pamalo osatentha, mpaka masiku 4 mufiriji, ndipo m'kolimani muli madzi oundana umatha tsiku. M'Juni kuno ku Angónia kumazizira, sindinkada nkhawa. Okutobala ndiye anandionetsa. Tsiku lina magetsi anazima usiku wonse, mabotolo a madzi sanaundane, ndipo mkaka wa tsikulo ndinautaya ndikulira.

Nkhondo ina inali ya kunyumba. Apongozi ankati mkaka wotandala m'bere tsiku lonse umasasa, ndiyambe ndautaya ndisanayamwitse. Sizoona, m'bere mkaka suwonongeka, koma mpongozi sumutsutsa pamaso. Ndinawapempha kuti andiperekeze kusikelo akamve okha. Pobwerera anangoti, “Mayi a mwana, kapu ija muzindisiyira poonekera.” Iwowo ndiwo amamumwetsa ndi kakapu, atafunditsa mkakawo m'madzi otentha pang'ono, osauika pamoto. Phala anadikira mpaka miyezi 6 itakwana, ngakhale ankang'ung'udza.

Wina akandifunsa lero ndimati agule kolimani ndi timabotolo ta zotsekera zolimba, kukama ndi manja aphunzire akadali pa tchuthi. Pampu igulidwe ngati ndalama zatsala, ndipo potuluka m'sitolo atengeretu timipira tiwiri tapadera.