Chomangira bondo chandithandiza, zoyala za m'nsapato zangondipweteketsa kakolo

Ndazengereza dala kwa miyezi 8 ndisanalembe ndemangayi, chifukwa sabata yoyamba chinthu chilichonse chatsopano chimaoneka ngati chikugwira ntchito. Ndinagula zinthu ziwiri tsiku limodzi kwa wogulitsa mmodzi: chomangira bondo chokhala ndi chitsulo m'mbali, chimene pabokosi analemba kuti unloader brace, ndi zoyala za m'nsapato zokhuthala mbali imodzi. Chomangiracho ndikuchipatsa nyenyezi 4 pa 5. Zoyalazo ndikuzipatsa imodzi, nayonso ya ulemu chabe.

Ndiyambe ndi bondo langalo, kuti muone ngati tikudwala zofanana. Ndili ndi zaka 59 ndipo lovuta ndi lakumanja. Atandijambula pa X-ray, adokotala anandilozera mpata wa pakati pa fupa la ntchafu ndi la msongolo. Mbali ya kunja mpatawo unalipo bwinobwino, koma mbali ya mkati, yoyang'anana ndi bondo linzake, mafupa anali atatsala pang'ono kukhudzana. Chicherewecherewe chinaperepeseka. Ndiyo nyamakazi imene iwo amati osteoarthritis, ndipo anandiuza kuti kawirikawiri imayambira mbali ya mkatiyo chifukwa munthu akamayenda ndi kumene kumagwera kulemera kwambiri. Mwendo wanga unayambanso kupindikira kunja ngati uta. M'mawa bondo limakhala gwa kwa mphindi zingapo, kenaka limamasuka, koma ndikayenda mphindi 10 ndinkayamba kusakasaka pokhala.

Chomangirachi si chija cha nsalu yotamuka chimene mumangolowetsa mwendo ngati sokosi. Chimenecho ndinali nacho kale, chimafunditsa bondo basi. Ichi chili ndi kakhushoni kamene kamatsamira kunja kwa bondo n'kumalikankhira mkati, pamene malamba a pantchafu ndi pakatumba agwira mbali inayo. Motero kulemera kumasunthira pang'ono ku mbali imene chicherewecherewe chidakalipo. Tsiku loyamba nditamanga n'kuimirira ndinamva ngati wina wandigwira bondo ndi manja awiri. Ululu sunathe, koma kuja kobaya ngati msomali pamene chidendene chagunda pansi kunachepa ndithu.

Pamene ndaonera phindu lake kwambiri ndi potsika masitepe. Kukwera sikunkandivuta kwenikweni, koma kutsika ndinkachita cham'mbali, phazi limodzilimodzi, dzanja lili pachogwirira, chifukwa bondo linkagwedera ngati likufuna kundigwetsa. Tsopano ndimatsika choyang'ana kutsogolo ngati munthu wina aliyense. Poyenda ndimakwanitsa mphindi 35 kapena 40 ndisanafune kupuma, ndipo mankhwala opha ululu amene ndinkamwa pafupifupi tsiku lililonse tsopano ndimamwa mwa apo ndi apo. Koma musanamizidwe: ndikachivula madzulo bondo limabwerera mwakale. Chimathandiza pamene chili pamwendo. Chicherewecherewe chimene chinatha sichimeranso chifukwa cha malamba.

Nyenyezi yachisanuyo yatayika chifukwa cha mavuto ovala. Chimatsetsereka. Ntchafu ya munthu ndi yaikulu kumtunda n'kumachepa chakumunsi, ndiye mukayenda pang'ono, thukuta likayamba, chitsulo chija chimatsika n'kusiya pamene chimayenera kukhala. Chikatsika ngakhale masentimita awiri okha kakhushoni kaja kamakankha fupa la msongolo m'malo mwa bondo, ndipo pamenepo n'kwabwino kungochivula. Sabata zitatu zoyamba ndinkaima m'njira n'kumakwinya thalauzi kuti ndichikokere m'mwamba, anthu akundiyang'ana. Ndiye ndinalakwitsa pomangitsa lamba wa pantchafu, poganiza kuti ndi amene agwire. Mapeto ake kuseri kwa bondo kunatuluka zidzolo ndi thuza limodzi lalikulu limene linandigoneka masiku anayi osachivala. Amene anandiwongola ndi mayi wina wa mafizo. Anandikhazika pampando, bondo litapinda pang'ono, n'kundionetsa kuti lamba woyamba kumanga ndi wa pansi penipeni pa bondo, pamwamba pa katumba, chifukwa mnofu wa katumbawo ndi umene umachitchinga kuti chisatsike. Enawo amabwera pambuyo ndipo safuna mphamvu. Pepala la malangizo la m'bokosi lili ndi zithunzi zing'onozing'ono zinayi zosasonyeza ndi pang'ono pomwe zimenezi. Anandiuzanso kuti ndiyambe ndi maola awiri patsiku n'kumawonjezera, osati tsiku lonse monga ndinachitira ine.

Zina n'zazing'ono koma zimatopetsa. Sichilowa m'thalauzi yothina. Pokhala nthawi yaitali m'galimoto chimadinda pantchafu. Zomatira za malamba zimatola ulusi ndi ubweya wa zovala, moti pofika mwezi wachisanu lamba mmodzi anayamba kumasuka yekha. Chitsulo chopindacho chinayamba kulira kwii kwii ngati chitseko, mpaka mdzukulu wanga amadziwa kuti agogo akubwera ndisanafike pakhomo.

Tsopano zoyala zija. Maganizo ake ndi omveka: mbali ya kunja kwa phazi, ya kuchala chaching'ono, anaikweza ndi madigiri 5, kuti phazi lipendekeke pang'ono n'kupeputsa mbali ya mkati ya bondo. Pabokosi analonjeza zambiri, mpaka kuti zimawongola mwendo. Ndinazivala sabata 7 mokhulupirika, masiku ena pamodzi ndi chomangira, masiku ena pazokha kuti ndisiyanitse. Pabondo sindinamve kusintha kulikonse. Chimene ndinapeza ndi ululu watsopano kunja kwa kakolo, ndi nsapato zothina chifukwa zoyalazo zimadya malo. Nditazichotsa n'kubwezeramo zoyala zafulati zimene zinabwera ndi nsapato, kakolo anapola m'masiku ochepa.

Poyamba ndinkaganiza kuti mwina phazi langa ndi lachilendo, koma nditafufuza ndinapeza kuti si ine ndekha. Mu 2011 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa ku Australia wa anthu 200 amene anawatsatira kwa miyezi 12. Ena anavala zoyala zopendekeka za madigiri 5 ngati zangazi, ena zafulati, ndipo pamapeto pake ululu sunasiyane. Mu 2013 magazini ya JAMA inaphatikiza zotsatira za akafukufuku angapo n'kupeza zomwezo, kuti zopendekekazo siziposa zafulati. Malangizo a 2019 a American College of Rheumatology, bungwe la madokotala a nyamakazi ku America, amalimbikitsa kwambiri chomangira bondo kwa amene nyamakazi ikuwalepheretsa kuyenda bwino, koma zoyala zopendekeka salimbikitsa. Nawo a American Academy of Orthopaedic Surgeons, bungwe la madokotala a mafupa, mu 2021 anazikana zoyalazi. Wogulitsa sangakhale kuti sakudziwa zimenezi, ndipo ndi chimene chandikwiyitsa kuposa ululu wa kakolo uja.

Ngakhale chomangiracho si onse akuchiyamikira mofanana. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku United Kingdom, mu 2022 linati zinthu ngati zimenezi zisamaperekedwe kwa wodwala aliyense, koma kwa amene bondo lake likugwedera kapena kulemera kukugwera mbali imodzi, ndipo mafizo paokha sakukwanira. Ine ndili m'gulu limenelo, n'kutheka kuti n'chifukwa chake chandiyanja. Mnzanga wina amene ululu wake uli kutsogolo kwa bondo, umene umabwera akamadzuka pampando, anabwereka changa tsiku limodzi ndipo anachibweza akuti n'chipsinjo. Palinso chenjezo apa: chomangira cha mbali ya mkati ndi cha mbali ya kunja zimakankha mosiyana. Mukagula mosadziwa mbali imene yawonongeka mukhoza kuwonjezera katundu pabala pomwepo. Kajambulitseni kaye.

Ndinene chilungamo kuti m'miyezi 8 imeneyi sindinangodalira chomangira chokha. Mayi wa mafizo uja anandipatsa zochita zolimbitsa minofu ya kutsogolo kwa ntchafu: kugona chagada n'kukweza mwendo uli wowongoka, kudzuka pampando osagwira ndi manja. Ndatsikanso thupi ndi makilogalamu 4. Kafukufuku wina wa mu 2005 anasonyeza kuti kilogalamu iliyonse imene munthu wataya imachotsa pabondo katundu wa pafupifupi makilogalamu anayi pa phazi lililonse limene waponda. Ndiye ulemu wina upite kumeneko. Komabe popanda chomangira sindikanayenda mtunda wokwanira kuti thupi litsike, poti ululu unkandibweza ndisanafike patali.

Za saizi: yezani ntchafu ndi tepi muli chiimire, pamalo amene pepala lawo lanena. Langa linati masentimita 15 kumtunda kuchokera pakati pa bondo. Ine ndinagwera pakati pa masaizi awiri n'kusankha yaikulu, poopa kuthinitsa, ndipo ndikuganiza kuti kutsetsereka kuja kunayambira pamenepo. Malamba atsopano ndaitanitsa kale sabata yatha. Zoyala zija zili m'dilowa, wogulitsa anakana kuzilandira chifukwa ndinali nditazidula kuti zilowe m'nsapato, monga mmene pepala lawo lomwelo linandiuzira.