Thawulo la m'sitima limalembedwa pa dzina la munthu

Kuno ku Harare, mvula ikamayandikira, mafoni amadzaza ndi zithunzi za sitima zoyera zapanyanja. Sitimazi zimanyamuka ku Durban kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo. Zina zimapita ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo, zina ku Pomene ku Mozambique komweko, ndipo za anthu opeza bwino zimakafika mpaka ku Mauritius. Ife tinapita ndi ndalama za chipereganyu. Gulu lathu ndi la amayi okhaokha, ena tinachokera kumudzi tili aakulu kale, ena anabadwira konkuno ku Mufakose ndi ku Mabvuku, ana a anthu amene anabwera kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Tinakwera basi pa Roadport, kudutsa pa Beitbridge, kusintha basi ku Johannesburg, n'kutsetserekera kunyanja. Za njirayo sindichulutsa, ambiri a inu mumaidziwa.

Chibwerereni, mafunso anu akhala a chakudya ndi akuti kodi sitimayo imagwedeza. Chakudya chilipo chochita kuchititsa manyazi, ndipo kugwedeza imagwedezadi. Koma popeza ndamva kuti ena kumudziko mwayamba kusonkha kuti mudzapite, ndati ndikuuzeni za thawulo, chifukwa ndi limene linatsala pang'ono kutiyambanitsa.

Muyambe mwamvetsa za khadi. Pokwera, aliyense amapatsidwa khadi lokhala ndi dzina lake, ngakhale mwana. Khadi lomwelo ndiye kiyi wa chipinda, ndiye chiphaso chotsikira ndi kukwerera, ndiyenso chikwama chako. M'sitima simuyenda ndalama zapamanja. Umalumikiza khadilo ndi la kubanki, apo ayi umakasiya dipoziti pa kauntala, ndiye chilichonse chimene watenga chimalembedwa pa dzina lako m'madola a ku America. Ife a ku Harare dola timaidziwa, ndi imene timagulira tomato ku Mbare. Koma ya ku Mbare umaiona ikuchoka m'manja, umayambanso wakangana ndi wogulitsa za chenje. Ya m'sitima imachoka mwakachetechete iwe ukuseka ndi anzako.

Matawulo a m'sitima alipo amitundu iwiri. Oyera a kubafa alibe nkhani, wokonza m'chipinda amawasintha yekha, bola osatuluka nawo. Nkhani ili pa akuluakulu aja amtundu, opita nawo kudziwe losambira ndi kugombe. Sitima zina zimawaika m'chipinda, limodzi pa munthu aliyense, ndipo tsiku lotsika amawawerenga. Sitima zina zili ndi malo ake pafupi ndi dziwe, pomwe umapereka khadi potenga n'kuperekanso khadi pobweza. Yathu inali ndi zonse ziwiri: lako umalipeza pabedi, koma ukafuna lina lowonjezera umakalembetsa. Thawulo losabwezedwa amalipiritsa. Mtengo umasiyana malinga ndi kampani, koma kawirikawiri umakhala pakati pa madola 20 ndi 30 pa thawulo limodzi.

Tsono m'gulu lathu munali mtsikana wina, mtengwa wa mayi mmodzi wa m'gululo, mwana woleredwa bwino zedi. Tsiku loyamba kukwera pamwamba pa sitima, akuluakulu anayi anaiwala matawulo awo m'zipinda. Sitima ndi yaitali, zikepe zimadzaza, palibe anafuna kutsikanso. Mwanayo asanatumidwe n'komwe anali atanyamuka kale. Anakapereka khadi lake, anabwera ndi matawulo anayi, n'kugwada pang'ono popereka monga achitira mwana wakwathu. Tonse tinamuyamikira. Palibe anaganiza kuti pamakina paja palembedwa dzina limodzi.

Matawulowo anabalalika monga mmene mungaganizire. Wina analisiya pampando n'kupita kukadya. Wina ataona kuti lanyowa analiponya m'chidengu cha matawulo akuda chimene chinali pambali pa dziwe. Awiri anapita nawo kuzipinda zawo. Ulendo utatsala pang'ono kutha, mwanayo anatsegula TV ya m'chipinda kuti aone bilu yake, poti iye sanagule kanthu kupatula zakumwa zoziziritsa kukhosi. Anapeza matawulo anayi, lililonse madola 25. Madola 100, ndalama yoti kuno ikhoza kulipira lendi ya chipinda mwezi wathunthu.

Anabwera kuchipinda kwanga maso ali gwa, osalira koma osathanso kuyankhula bwino. Chimene chinamuvuta kwambiri sichinali ndalamayo, koma kuti akayamba bwanji kufunsa apongozi ake ndi anzawo za thawulo. Ndinapita naye. Tinayamba ndi agogo athu a m'gulu, mayi wa zaka zambiri amene tonse timamuopa.

"Agogo, pepanitu, thawulo lija anakupatsani mwanayu lili kuti?"

"Lili m'sutikesi, mwanangu. Bwanji? Si tinalipira kale zonse?"

Analidi atalipinda bwinobwino pansi pa zovala, pamodzi ndi la pabedi lija, akuti mdzukulu wawo azikafunda kusukulu yogonera konko. Sikunali kuba. Anauzidwa kuti mtengo wa ulendo ukuphatikiza zonse, ndiye iwo anamva kuti zonse ndi zonse. Titawafotokozera anangoti, "Ha! Nsalu yopukutira thupi mpaka madola 25? Ndiye ikhala yagolide." Anatulutsa onse awiri, koma anadandaula mpaka pa chakudya chamadzulo.

Lina linapezeka pakhonde la chipinda cha mayi wina, ataliyanika. Awiri otsalawo tinakawadandaulira pa kauntala yolandirira alendo. Mnyamata wa pamenepo sanachite nafe makani. Anafunsa tsiku, anafunsa malo amene tinakhala, anaimba foni, kenako anafufuta. Anatiuza kuti thawulo loponyedwa m'dengu popanda kuonetsa khadi limakafika kochapira bwinobwino, koma makina sadziwa kuti labwera, ndiye ngongole imatsala. Ndinaona kuti nkhani zoterezi amakumana nazo tsiku ndi tsiku. Koma musadalire zimenezo. Kufufuta ndi chifundo cha amene wampeza pa kauntala, si lamulo.

Usiku womwewo gulu linamanga mfundo: wotuma mwana thawulo apereke khadi lake. Ena anang'ung'udza kuti zikuoneka ngati sitikhulupirirana. Ine ndinali kumbali ya mfundoyo. Kwathu wamng'ono ndiye amathamanga, ndipo ndi zabwino, koma makina a m'sitima sadziwa kuti wina ndi mpongozi wina ndi mtengwa. Amangodziwa khadi limene laperekedwa, ndipo nthawi zonse limakhala la amene ali ndi ndalama zochepa m'gulu.

Ine ndimagwira ntchito yochapa pa malo ena ogona alendo kuno ku Harare, choncho eni sitima sindingawadzudzule kotheratu. Matawulo amayenda, abale. Pa ife, pamalo a zipinda zowerengeka, mwezi sutha osasowa angapo, ndipo woyamba kufunsidwa ndi wochapa. Nanga sitima yonyamula anthu opitirira 2,000, amene amasinthana pakangopita masiku ochepa? Mtengo uja si wa thawulo, chifukwa m'sitolo ungagule lotere pa ndalama yochepa. Ndi woopsezera kuti anthu azibweza. Chimene sindigwirizana nacho n'chakuti chenjezo lake limakhala kapepala kakang'ono ka Chingerezi pakati pa mapepala ena ambirimbiri, pamene zotsatsa mowa ndi zithunzi amazilengeza pa chimkuzamawu.

Tsono ukatenga thawulo polembetsa, pobweza usangoliika n'kutembenuka. Pereka khadi, uime pomwepo mpaka wantchitoyo akuuze kuti palibe chotsala pa dzina lako. Pakakhala mzere, dikira ndithu. Kusinthitsa lonyowa ndi louma kulibe vuto, umapereka limodzi n'kulandira limodzi, chiwerengero sichisintha, ndipo ungasinthitse kangapo pa tsiku popanda kulipira. Ambiri sadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amatenga awiriawiri.

Za mipando ndiye zina. Anthu amadzuka m'mamawa kukayala matawulo pa mipando yogonapo ya pafupi ndi dziwe kuti asungire malo, n'kubwerera kukagona. Sitima zambiri zimaletsa khalidwe limeneli, ndipo antchito amachotsa thawulo limene lakhala lokha kwa theka la ola kapena kupitirira pang'ono. Likachotsedwa limasakanikirana ndi ena mazanamazana ofanana nalo. Ndiye palinso anthu amene lawo likasowa amangotola la mnzawo, osati mwankhanza, koma poti onse ndi amtundu umodzi. Mayi wina wa m'gulu lathu, telala wa ku Highfield, anamangirira kansalu kofiira pa ngodya ya thawulo lake ndi pini. Tinamuseka tsiku loyamba. Pofika tsiku lachilumba tonse tinali tikumupempha tinsalu.

Tsiku lachilumba ndiye lotayitsa matawulo kuposa onse. Pa Portuguese Island palibe doko loti sitima yaikulu n'kukocheza. Imaima patali, ndipo anthu amatsika m'maboti ang'onoang'ono, monga mmene Ilala inkachitira pa Likoma kapena pa Nkhotakota. Mumatsika m'magulumagulu, mapazi m'madzi, wina wanyamula mwana, wina nsapato m'manja. Kumtunda kuli mchenga wotentha, mphepo, nyama yootcha, nyimbo. Pobwerera aliyense watopa, thawulo lalemera ndi madzi ndi mchenga, boti likuitana. Pamenepo m'pamene anthu amawasiya pansi pa mthunzi. Ndipo la pachilumba likatsala latsala, palibe dengu loti likapezekemo.

Ine kuchilumba ndinapita ndi zitenje ziwiri, thawulo la sitima ndinalisiya m'chipinda. Chitenje chimodzi choyala, china chodzipukutira ndi kudziphimba dzuwa. Mchenga sukakamira pa chitenje, ukangokutumula wachoka, ndipo chimauma usanafike n'komwe pa boti. Azungu ena amagula timatawulo topyapyala touma msanga pa ndalama zambiri kuti achite zomwezo. Palibe lamulo loletsa kubwera ndi chako. Kwa ana ndiye n'kofunika kwambiri, chifukwa khadi la mwana limalumikizidwa ndi la kholo, ndipo mwana sangakumbuke thawulo pamene anzake akuthamangira ayisikilimu.

Antchito a pamatawulo ndi okonza m'zipinda amachokera kutali, ku Philippines, ku Indonesia, ku India, ena ku South Africa, ndipo tinakumana ndi a kuno ku Zimbabwe angapo. Amagwira ntchito maola ambiri, miyezi yambiri osaona kwawo. Muziwapatsa moni. Wokonza chipinda chathu, titapatsana moni, ndiye anatiuza tsiku loyamba lomwe kuti tiwerenge matawulo amtundu amene tawapeza. Tikanapeza limodzi m'chipinda cha anthu awiri n'kukhala chete, potsika akanawerenga kuti lina tasowetsa ndife.

Bilu muziiona tsiku lililonse, pa TV ya m'chipinda, pafoni ngati sitimayo ili ndi pulogalamu yake, kapena kupempha pa kauntala kuti akusindikizireni. Mudzaonaponso ndalama ya antchito imene sitima zambiri zimaika tsiku ndi tsiku pa munthu aliyense. Imeneyo si cholakwika, funsani za iyo musanagule tikiti kuti isakudzidzimutseni.

Usiku womaliza masutikesi amaikidwa panja pa chitseko, antchito amawatenga, ndipo mumakawapeza kumtunda m'mawa. Ndiye thawulo likalowa m'sutikesi usiku umenewo, ngakhale mwangozi pokulungira zovala zonyowa, simungalibwezenso. Musanatseke zipi yalani matawulo amtundu pabedi, muwerenge, mujambule ndi foni, ndipo ngati wokonza chipinda ali pafupi muitaneni aone. Chilichonse chokayikitsa pa bilu kachidandauleni usiku womwewo. M'mawa wotsika mzere wa pa kauntala umakhota mpaka pa masitepe, basi ya ku Johannesburg ikukudikirani, ndipo mukangoponda kumtunda nkhaniyo imasanduka ya maimelo ndi mafoni a kunja, amene ali ku Lilongwe kapena ku Harare sangawapirire chifukwa cha madola 25.

M'gulu lathu amene anasiya dipoziti ya ndalama zapamanja anakatenga zotsala zawo pa kauntala asanatsike. Amene analumikiza makadi a kubanki anapeza kuti ndalama ina yagwiridwa kaye ngati chikole, ndipo inamasulidwa patapita masiku, ena atafika kale kunyumba. Mayi mmodzi anafika pa Beitbridge khadi likukana, tinachita kumusonkhera ya chakudya. Ndalama ya basi yobwerera ndi ya kamba wa panjira muisunge padera, ya ma rand, m'kachikwama kamene sikakhudzana ndi khadi la sitima.