Hita ya dizilo m'vani: thanki ya galimoto kapena kathanki kapadera?

Usiku wa mu June ndi July kuno ku Johannesburg kuzizira kumafika pafupi ndi 0°C, ndipo wogona mu vani ngati Quantum kapena Sprinter amaifuna hita. Funso ndi lakuti dizilo wake azichokera kuti.

Njira yoyamba ndi kuboola thanki ya galimoto pamwamba n'kulowetsamo kapaipi kachitsulo. Yachiwiri ndi kumangirira kathanki kapulasitiki ka malita 5 kapena 10 mkati.

Mtengo: yoyamba imadya ndalama, chifukwa nthawi zambiri makaniko amayenera kutsitsa thanki. Kathanki mumangirira nokha.

Phokoso: pampu yokankhira dizilo ku hita imagunda kuti thi! thi! usiku wonse. Ikakhudza chitsulo kapena thanki yaikulu, thankiyo imalira ngati ng'oma. Pampuyo ivekeni labala, muipendeketse madigiri 15 mpaka 35, kotulukira mafuta kuli m'mwamba. Kathanki kalinso ndi vuto lake: kakafika theka, vani ikagwedezeka dizilo amakhuvukira pafupi ndi khutu lanu, nako kafungo sikalephera.

Chitetezo: kapaipi ka mu thanki yaikulu kasafike pansi, kalekeze masentimita 3 kapena kuposerapo, hita ingamalize mafuta n'kukusiyani panjira.

Njira iliyonse, mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka, choncho hita yosachunidwa bwino imadzaza mwaye msanga.

Oyenda maulendo ataliatali, monga opita ku Malawi kudzera pa Beitbridge, aboole thanki. Amene vani yawo ndi ya petulo kapena si yawoyawo, atenge kathanki.