Buku la mitundu ya D&D patatha miyezi 9: kalulu ndi kamba ali bho, wogulitsa ndiye ayi

Loweruka lapitali ndikutsegula buku lija kuti ndione ngati kalulu amaloledwa kudumpha kawiri kapena katatu asanagone, masamba onse a kumayambiriro anangosololoka pamodzi ngati mtolo wa fodya nkugwera pa simenti, ena mphepo kuwatenga mpaka ku bafa. Madzulo ake omwewo alamu anga a ku Nkhotakota kundilembera pa WhatsApp kuti alamu, buku lanu la anthu a nyama lija ndigule nanenso kapena ndisiye? Ndinawauza kuti dikirani kaye mtima ukhale pansi chifukwa ndikayankha lero ndikuuzani zoipa zokhazokha. Ndiye lero Lachitatu, mtima watsikako pang'ono, nayi nkhani yonse.

Bukuli ndi Monsters of the Multiverse, la Dungeons & Dragons ya 5th edition, linatuluka mu 2022. Kwa amene simudziwa, D&D ndi masewera ofotokoza nthano pa tebulo, mmodzi amakhala DM nkumafotokoza dziko ndi adani, enawo aliyense ali ndi munthu wake, ndipo zikafika poti kodi zitheka kapena ayi mumaponya dayisi ya mbali 20. Ife timasewera pakhonde kwathu kuno ku Salima, anthu asanu, ine ndine DM chifukwa ndi ine ndinaononga ndalama. Tinayamba ndi Basic Rules aulere aja a 2014 amene ali ndi mitundu inayi yokha, munthu, elf, dwarf ndi halfling, ndipo patatha chaka anthu anatopa nawo ma elf. Mphwanga ananena mosabisa kuti achimwene ine elf sindinamuonepo, agogo sanandiuzepo za elf, ndipatseni china. Nchifukwa chake ndinagula bukuli mu February, muli mitundu yoseweredwa yoposa 30 ndi zilombo zoposa 250.

Zimene zikuyenda bwino sinditayapo nthawi. Lamulo loti +2 ndi +1, manambala owonjezera pa mphamvu, changu kapena nzeru za munthu wako, uike pamene ukufuna, osati mtundu ukusankhire, ndi labwino basi, linathetsa mikangano yambiri. Tabaxi, amphaka aja, amathamanga monga analonjezera. Lizardfolk, anthu abuluzi, amasambira komanso amakhala pansi pa madzi mphindi 15 osapuma, kwa ife amene nthano zathu zonse zimathera ku nyanja ndi mtundu wothandiza. Kenku ndi khwangwala, mu buku lakale la 2016 ankangoyankhula potsanzira mawu amene anamva, mu ili anachotsa lamulo limenelo koma ife tinalibwezera dala chifukwa mnzathu wa kabaza amene amamusewera amangoyankha ndi mawu a makondakitala a pa Kamuzu Road, mfumu ya ma goblin ikumufunsa kuti wadzatani kuno iye "Lilongwe mmodzi! Lilongwe mmodzi tizipita!" kkkk. Aarakocra, amene ife timangoti nkhwazi, ndinamuletsa patatha masabata atatu. Anamuchepetsa liwiro, kale ankauluka mafiti 50 pano 30, komabe munthu wouluka kuyambira level 1 amangokhala mmwamba nkumalasa mivi pamene anzake akumenyedwa pansi, ine monga DM ndinatopa kuika mauta mmanja mwa chilombo chilichonse ngakhale nguluwe.

Zilombo 250 zija ndagwiritsa mwina 12. Ndi theka lalikulu la buku limenelo, ndalama zanga zambiri zangogona mmenemo.

Ndipo chinandiwawa china nchakuti mvuu yoseweredwa mulibe, ilimo ngati chilombo chokha. Anthu a mvuu otchedwa giff ali mu Spelljammer, buku lina la 2022 lomwelo, anthu a njovu otchedwa loxodon ali mu buku la Ravnica la 2018, ndiye alamu inu amene mumakhala pafupi ndi njovu 500 zija anazisamutsira ku Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, musayembekeze kusewera njovu ndi buku ili. Fisi aliko koma ngati mdani wokha, ma gnoll, kumusewera ayi. Tinachita kutenga bugbear, chimunthu chaubweya, nkumutcha fisi, manja aatali aja tinati ndi khosi.

Koma chimene sindinayembekezere, chimene chikundipangitsa kuti ndisalitaye ku dzala, ndi masamba a harengon ndi tortle. Harengon ndi munthu kalulu, tortle ndi munthu kamba. Tsiku limene bukuli linafika mphwanga anangoona chithunzi nkunena kuti uyu ndi wanga, rogue, wakuba. Mwana wa achemwali anga, mtsikana wa Form 2 amene poyamba ankangobwera kudzationerera, anatenga kamba nkumupanga cleric, wansembe wochiritsa. Ndipo amene analemba malamulowa kaya anamvapo nthano zathu kaya ayi koma anawagwira bwino anthu awiriwa. Kalulu amawonjezera proficiency bonus, nambala ya luso lake, pa initiative, dayisi yoona woyamba pa nkhondo, ndiye pafupifupi nkhondo iliyonse amayamba ndi iye, ali ndi maso ndi makutu akuthwa, akalephera Dexterity save, dayisi yozembera ngozi, amaponya d4, kadayisi ka mbali zinayi, kuwonjezera mwina nkupulumuka, ndipo amadumpha mafiti 10 pa level yathuyi popanda womumenya pothawa. Kamba ali ndi AC 17, nambala imene mdani ayenera kufika kuti amumenye, chibadwire osavala kanthu, akalowa mchigoba imakwera kufika 21 koma sayenda, sachita kanthu mpaka atuluke, ndipo amatha ola lathunthu osapuma mpweya.

Muyenera kudziwa kuti amayi athu masewerawa sankawafuna. Mayi a Chigwirizano, kuona madayisi okha anati mwayamba juga pakhomo panga, kuona zithunzi za mkatimu anati izi ndiye za kumidima. Tinachita kulumbira kuti palibe ndalama ikuyenda. Ankangokhala potero pa mphasa ndi lichero lawo osatiyankhula.

Ndiye usiku wina mu June, mwera ukuwomba, magetsi atazima tikugwiritsa nyali ya sola, ndinakonza nkhani ya chilala. Mudzi unakumba chitsime chimodzi, aliyense anakumba nawo kupatula kalulu wa mphwanga amene tsiku lokumba anati iye akukazonda adani, kunama, anakagona. Ine sindinakonze kuti zifanane ndi nthano ija ya kalulu ndi chitsime, ndinkafuna ma gnoll abwere kudzalanda madzi basi. Koma mfumu itanena kuti wosakumba asamwe, mphwanga anayamba kuba madzi usiku. Usiku woyamba mlonda anali fighter, msilikali wa mnzathu wina, kalulu anamupusitsa ndi uchi, dayisi ya Deception, yonamizira, inagwa 18, kumumanga manja. Usiku wachiwiri kenku, chimodzimodzi. Anthu pa tebulo anayamba kukwiya zenizeni, mnzathu wa fighter mpaka kunena kuti DM ngati simumuletsa mphwanuyu ine ndikupita. Mtsikana uja anati amalume ine ndilondera, ndilowa mmadzi momwemo, paja ndimakhala ola lonse osapuma. Ndinati chabwino, koma akabwera umugwira bwanji, initiative yake ndi +5 yako ndi 0, akadumpha kamodzi wapita.

Apo ndi pamene amayi, osadzutsa nkomwe mutu pa mtedza umene ankaswa, anati "Muikeni ulimbo pamsana."

Tonse zii. Kenako chiphokoso. Mtsikana kukuwa kuti eya agogo, ulimbo! Mphwanga kulanda buku nkumatsegula uku ndi uku kuti ulimbo suli mmalamulo, ndipo zoona mulibe. Ine ndinagamula kuti kamba apake ulimbo pa chigoba, akhale mmadzi chigoba chokha chikuonekera ngati mwala, kalulu akapondapo aponye Strength kuti amatuke, afike 15. Strength ya kalulu wake ndi 8, kutanthauza -1. Mphwanga analimbana nane mphindi khumi kuti ikhale Dexterity save kuti agwiritse d4 yake ija, achimwene mukundipondereza, achimwene buku likuti mapazi amwayi. Ndinati mapazi amwayi ndi ozemba, apa wamatidwa kale, koka. Anaponya, 4. Anamenya ndi dzanja, ndinati ponyanso, 7, dzanja lamatika. Mwendo wina, 2. Amayi apa anali atasiya mtedza akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, akuti ndi momwemo, ndi momwemo, amalize ndi mutu. Kamba anatuluka mchitsime pang'onopang'ono kalulu ali gwa pamsana mpaka pa bwalo la mfumu.

Ndinkaganiza kuti zathera pompo koma amayi anati ayi simunamalize, kalulu saphedwa choncho, mufunseni kuti akufuna afe bwanji. Ndiye mphwanga anagwada pa khonde penipeni nkuyamba kudandaula kuti mafumu anga musandimenyetse pa phulusa, pamwala pokha ndiye sindifa, ayi ndanama, pa phulusa ndi pamene ndimafa msanga, mpaka anasokoneza aliyense. Deception 19. Anamumenyetsa pa mulu wa phulusa, fumbi koboo, Rabbit Hop, kudumpha kwake kuja, wapita. Ma gnoll anga amene ndinakhalira usiku wonse kuwakonza sanafike nkomwe tsiku limenelo.

Kuyambira pamenepo amayi satchulanso za juga. Sasewera, koma amafunsa kuti kodi kamba uja lero aliko, ndipo akaona kuti nkhani yanga yazizira amaponyamo mawu. Mtsikana uja pano ndi amene amasunga mapepala a aliyense. Ndikakumbukira usiku umenewo ndimati bukuli linabweza ndalama zake zonse.

Ndikayang'ana bukulo pamene lili pano ndiye maganizo amasintha. Ndinagula kwa munthu wina wa ku Lilongwe amene amagulitsa zinthu zoterezi pa Facebook, anati ndi orijino, latsopano, lachokera ku Johannesburg. Ku America mtengo wake unali $49.95, iye anati K115,000 poti dola ikusowa, ndinadandaula mpaka K105,000, kuwonjezera K5,000 ya kondakitala wa minibasi amene anabwera nalo. Linafika mu pulasitiki yake bwinobwino, chikuto cholimba chonyezimira. Chikomekome cha mkuyu. Mwezi woyamba ndinaona kuti zithunzi zina ndi zakuda kwambiri, nkhope ya duergar, dwarf wa pansi pa nthaka, sikuoneka nkomwe, ndinati mwina ndi mmene anajambulira. Mu April chala cha thukuta chinafufuta inki pa tsamba la tabaxi. Mu August mlendo wina amene tinakumana naye ku Senga Bay, woti amasewera kwawo, anali ndi lake mchikwama, titaika awiriwa pamodzi aaa manyazi anandigwira. Lake mapepala osalala olemera, zilembo zakuthwa, langa mapepala opyapyala, zilembo zina ngati zili ndi mthunzi, mmbali anadula mokhota mpaka manambala a masamba ena anadyeka. Langa ndi feki, munthu anachita kupulinta nkumata ndi guluu.

Ndinamulembera wogulitsa uja mwaulemu, ndi zithunzi. Anati bwana ine ndimangolandira katundu, amene amanditumizira ndi amene akudziwa. Ndinati nanga bwanji munati orijino. Matiki awiri a buluu, zii, masabata awiri. Kutentha kwa October kutafika guluu anayamba kufewa, msana wa buku kumatseguka, ndinamulemberanso, yankho lake mpaka lero limandiseketsa ndikakhala kuti ndakhuta, ndikakhala ndi njala limandipsetsa mtima: "Bwana kumeneko ndi kutentha kwa ku Salima, ku Lilongwe kuno palibe wadandaula." Ngati kuti Baibulo la amayi limene lakhala mnyumba yomweyi zaka 20 lili ndi fani yake. Kenako anati andichotsera K10,000 ndikadzagulanso china, ndipo ananditumizira madayisi a pulasitiki ngati chipepeso, d20 yake, ya mbali 20 ija, manambala anafufutika pa mwezi umodzi tinachita kulembanso ndi penti wa zikhadabo wa achemwali. Ndalama kubweza ndiye anakana, akuti buku mwaligwiritsa kale ntchito miyezi isanu ndi itatu. Pamenepo sananame.

Ndinayesa selotepi, inagwira masabata atatu. Masamba amene agwa Loweruka ndi a mitundu omwewo poti ndi amene timatsegula tsiku lililonse, mbali ya zilombo ili chilili ngati yatsopano, mxii. Dzulo ndinapita nawo pa shopu ina ya fotokope mtauni, andiboolera nkuika waya wozungulira uja ndi pulasitiki kutsogolo, K6,000. Tsamba la kalulu lili ndi chidindo cha phazi la nkhuku pamene inapondapo ku bafa kuja.

Ndiye alamu, yankho lanu. China choti mudziwe, mu 2024 anatulutsa Player's Handbook yatsopano, buku lalikulu la malamulo, mawu oti race anawasiya pano akuti species, ndipo ma +2 ndi +1 aja anawasamutsira ku background, mbiri ya munthu wako. Mitundu ya mbuku ili imagwirabe ntchito, mumangosiya ma bonasi akewo ngati mukutsata malamulo atsopano, ife tikadali pa akale ndipo sitikuona vuto. Komanso bukuli palokha simungasewere nalo, mufunika Basic Rules kapena Player's Handbook, wogulitsa wanga zimenezo sananene. Ngati mukufuna kalulu ndi kamba okha, bwerani Loweruka pa M5 pomwepa mudzakopere pamanja malamulo awo mu kope, sakwana tsamba limodzi, K110,000 yanuyo mugule feteleza. Ngati mtima wakakamira pa buku lenileni, mtumeni munthu woti akaligwire ndi manja ake asanalipire, atsegule pakati aone msana, apake chala chonyowa pa chithunzi.

Wogulitsa uja wandilembera mmawa uno, akuti bwana kwafika Spelljammer muli mvuu yanu ija, K10,000 yanu ndikuikumbukira. Ndamuuza kuti anditumizire vidiyo akulitsegula pakati nkuligwedeza mozondotsa. Matiki awiri a buluu kuyambira 7 koloko. Mtsikana uja wamva kale za mvuu ndipo wayamba kundifunsa kuti amalume AC yake ndi zingati.